Zaka Zanga Zothamangitsa Mphenzi ndi Umu Jasimu

Yamikani ndi iwe Linesi, ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti kodi ku Doha ndinkagwira ntchito yanji kwenikweni, popeza ndinachoka kuno ngati wantchito wa m'nyumba koma ndinabwerako ndi laisensi ndi kamera. Ndikayamba kufotokoza pakamwa mumaseka ndisanafike n'pakati pomwe, ndiye ndati ndilembe tsopano pamene ndapuma, kuti ana anu akadzafunsa mudzawawerengere. Za ubwana wanga ku Mkanda mukuzidziwa, za imfa ya abambo anu sindibwereza. Ndiyambira pomwe ndinatsika ndege, ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu.

Chaka choyamba, ku Old Airport

Nyumba yoyamba inali fulati ya m'mwamba kudera lotchedwa Old Airport, kwa bambo, mayi ndi ana awo atatu. Sindiwatchula maina. Sanali anthu oipa, kungoti anali otanganidwa kwambiri, moti kwa miyezi isanu madamu ankangondiitana kuti "Malawi" chifukwa dzina langa la Felista linkawatayitsa nthawi. Ndinafika mu Juni. Madzi a pampopi ankatuluka otentha ngati a tiyi, ndipo ndinkatungira m'ndowa m'mawa kuti pofika madzulo akhale osambika. Anzanga ankadandaula za ufa, ena za chigwada, koma ine chimene chinkandisowa kwambiri chinali mitambo. Ndikamayanika zovala pakhonde ndinkakweza maso, kumwamba kuli mbee ngati pepala, lero, mawa, mkuja. Munthu wokulira kumunda amazolowera kufunsa kumwamba m'mawa uliwonse, ndipo kumeneko kumwamba sikunkayankha kanthu.

Ofu ndinkapatsidwa Lachisanu, mwina osapatsidwa. Masiku amenewo ndiwo ndinadziwana ndi a Mbewe, bambo wa ku Dowa amene ankayendetsa basi ya hotela ina. Iwo ndiwo ankatisonkhanitsa Amalawi tikatuluka m'tchalitchi. Nditawauza dandaulo langa anati, "Achemwali, kuno mvula ndi mlendo wa tsiku limodzi. Mukaimva padenga, siyani mopu mukaione, chifukwa nekisi mwina ndi chaka chamawa." Ndinkayesa nthabwala, koma chaka chonsecho inagwa kawiri, ndipo kawiri konseko ndinali m'bafa kusambitsa ana. Chaka chitatha bwana anapeza ntchito kudziko lina. Asananyamuke anandisamutsira kwa mnzawo wa kuntchito, a Jasimu, amene ankafuna munthu wokhwima woti azikhala ndi mayi awo ku Al Thumama.

Chaka chachiwiri, mwezi wa Okutobala

Mayiwo aliyense ankawatcha Umu Jasimu, ndiko kuti amake Jasimu, monga timachitira kwathu kuno. Anali amasiye, zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, afupi, olankhula mothamanga, ndipo kunsi kwa chovala chawo chakuda chotchedwa abaya kunkasuzumira nsapato zothamangira. Anali atapuma pa ntchito ya uphunzitsi wa jogalafe. Tsiku londilandira, a Jasimu anandiitanira pakhonde n'kunena, "Wophika alipo, kosesa n'kochepa. Ntchito yanu yeniyeni ndi imodzi. Mayi akakwera galimoto, inunso mukwere. Asapite okha kulikonse." Ndinavomera mosavuta, poganiza kuti akunena za kumsika ndi kuchipatala.

Milungu itatu inadutsa tikungopitadi kumsika. Ndiye tsiku lina masana ndikusita, ndinamva mapazi akutsika masitepe ngati m'nyumba mwalowa njoka. "Falista! Yala, yala! Siya zimenezo, tenga madzi ndi chikwama chakuda!" Falista ndi mmene ankatchulira dzina langa, ndipo yala ndiko kuti tiye msanga. Tinkamvana mwa Chingerezi chothyokathyoka, Chiarabu pang'ono ndi manja. Ndinayesa kwagwa maliro. Tinatuluka mumzinda kulowera kumpoto, mayi akuyendetsa chigalimoto chachitali choyera, mutu wawo ukungoonekera pang'ono pamwamba pa chiwongolero. Titayenda ola lathunthu anasiya tala n'kulowa m'chipululu. Musaganize za mapiri a mchenga a pa TV aja. Kumpoto kwa Qatar ndi pamtetete posalala ngati bwalo la mpira, timiyala tokhatokha, kopanda mtengo woti n'kupumira, mpaka maso kutopa. Ndipo kutsogolo kwathu kunaima mtambo umodzi wokha, ngati chulu chofika kumwamba, mutu wake woyera mbuu utaphwatalala, kunsi kuli bii.

"Madamu, kubwera mvula, tibwerere," ndinatero.

"Tikupita komweko," anayankha, nkhope ili mwee.

Anaimitsa galimoto, natulutsa sitandi ya miyendo itatu, naikapo kamera. Ine ntchito yanga inali kugwira miyendoyo kuti mphepo isaigwetse. Kutangong'anima koyamba ndinakumbukira kuti ndavala duku lofiira. Ndinalivula msangamsanga n'kuliponya kunsi kwa mpando. Mayi anatembenuka, nafunsa kuti duku lapita kuti. Ndinawauza kuti kwathu chofiira chimaitana mphenzi. Anaseka mpaka kutsamira boneti. "Zaka makumi atatu ndaphunzitsa ana za mitambo, zimenezo sindinazimvepo. Chimene chimaitana mphenzi ndi munthu woima yekha pamtetete, ngati ine ndi iwe. N'chifukwa chake taima kutali. Ndikati galimoto, uthamange osafunsa, utseke mawindo, usagwire chitsulo."

Ndinagwira sitandi ija maso nditatseka, ndikupemphera mwa Chichewa mokweza, kutchula maina anu awiri. Kenaka mphepo inasintha. Inali yotentha ngati mpweya wa m'ng'anjo, mwadzidzidzi inazizira, ndipo patali ndinaona khoma la fumbi likubwera ngati ng'ombe zothamangira kudibi. "Galimoto!" Sindinafunse. Tili m'kati, madontho akulu ngati zipande atayamba kumenya galasi, mayi ananditembenuzira kamera kuti ndione. Pakagalasi kakumbuyo panali mphenzi itaima chilili, yoyera, nthambi zake zitayala ngati mizu ya mtengo wozulidwa, mzu umodzi utagwira pansi. Ndinayang'ana nthawi yaitali. Moyo wanga wonse ndinkathawa chinthu chimene ndinali ndisanachionepo nkhope. Mvula itakata tinatsegula zitseko, fungo la dothi lonyowa n'kulowa, lomwelija la kwathu. Misozi inatsika yokha. Mayi sanafunse chifukwa, anangonditsirira tiyi wa mkaka wa m'fulasiki n'kunena, "Ndinayamba kujambula chifukwa mabuku a ana anga anali ndi mitambo ya maiko a eni yokhayokha. Ndinkafuna adziwe kuti nafenso tili nayo yathu."

Chaka chachitatu mpaka chachisanu ndi chimodzi

Zaka zimenezi ndizo zinali zokoma koposa. Ndinaphunzira kuti nyengo zathu zinali ziwiri. Ina inkayamba mu Okutobala, yotchedwa wasimi, imene ili ngati chizimalupsa chathu. Ina inali ya Malichi mpaka Meyi, yotchedwa sarayati, pamene m'mawa kumacha bwinobwino, masana mtambo n'kungophulika wokha. Miyezi inayo tinkangopukuta magalasi a kamera n'kumadikira. Musaganize kuti ulendo uliwonse tinkapeza kanthu. Kambirimbiri tinkayenda tsiku lonse, kufika pamalo mtambo utasungunuka, n'kubwerera tadya buledi ndi zipatso za kanjedza zotchedwa tende, tikunyozana kuti walakwitsa ndani. Chaka china chathunthu tinabwerako ndi zithunzi ziwiri zokha zoti n'kuonetsa munthu.

Mayi ankadalira foni yawo. Inkaonetsa mapu a dziko, ndipo pamene pali mvula pankaoneka timadontho tobiriwira, tachikasu ndi tofiira. Ine ndinkadalira mphuno ndi khungu. Tsiku lina mu Epulo foni inkati tilowere kumadzulo, njira ya ku Dukhan. Titaima pothira mafuta ndinatuluka, ndinamva mphepo ikuchokera kumpoto chakum'mawa, yonyowa ngati yadutsa pamtsuko. Ndinati, "Madamu, mvula ili uko." Anati, "Falista, ichi n'chida cha akatswiri. Iwe wanunkhiza chiyani, anyezi?" Tinapita kumadzulo, tinapsa ndi dzuwa mpaka madzulo. M'mawa mwake abale awo anawatumizira zithunzi za matalala atayala mbee kumpoto komwe ndinaloza kuja. Anandiitana, nandipatsa foni, ndipo ine ndinayang'ana n'kubwerera kukasesa, koma tsache linkavina. Kuyambira pamenepo asanalize injini ankafunsa, "Mphuno ikuti chiyani?" Ndinene zoona, mphunoyo inatisocheretsanso kangapo, ndipo sankalephera kundikumbutsa.

Mvula ya wasimi ikagwa bwino, pakapita miyezi ingapo timadambo ta m'chipululu tinkabiriwira, maluwa ang'onoang'ono achikasu ali waa. Pamenepo tinkasiya kamera n'kumafunafuna faga, bowa wa pansi pa dothi wooneka ngati mbatatesi, amene eni dziko amati amabadwa ndi mabingu. Umayang'ana pamene dothi latukumuka n'kung'aluka pang'ono. Apa ndiye ndinawaposa mayi kutali, chifukwa maso ozolowera utale m'nkhalango sanamizidwa ndi dothi. Ankanditsatira m'mbuyo atagwira thumba, akudandaula kuti mphunzitsi wasanduka wonyamula katundu.

Amalawi anzanga ankanditcha Mayi Zanyengo. Lachisanu a Mbewe akandiona ankafuula, "Achemwali, wikendi ino tichape mabulangete kapena ayi?" Mtsikana wina wa ku Balaka anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndipite kwa ejenti andisinthire nyumba, chifukwa madamu oterowo ndi amisala. Ndinamuyankha kuti iye amakolopa masitepe anayi tsiku lililonse, pamene ine ndimalipidwa chifukwa choyang'ana kumwamba, ndiye wofunika kusintha nyumba ndani.

M'chaka chachinayi mayi anagula kamera yatsopano n'kundipatsa yakale. Anandiphunzitsa kuti dzuwa likangolowa umasiya diso la kamera lili chitsegulire kwa kanthawi, n'kuyembekezera kuti mphenzi ilowemo yokha, ngati kutchera msampha. Ndinajambula mdima wokhawokha nyengo yonse. Mphenzi yoyamba ndinaikola ku Ras Abu Aboud, m'mbali mwa madzi, tsiku limene mtambo unatithawa kuchipululu n'kutipeza tokha mumzinda pobwerera. Inagwa panyanja, nyumba zitalizitali za mzinda zili kumanzere. Ndinakuwa ngati ndalumidwa ndi nkhanira, moti bambo wina wowedza ndi mbedza anataya ndodo n'kuthamanga kudzandithandiza. Mayi anayang'ana chithunzi chija, nati, "Chapendekeka." Kenaka anandipsompsona pachipumi.

Chaka chachisanu ndi chiwiri

Apa ndi pamene pali nkhani imene ndikufuna muimvetse. Unali mwezi wa Epulo, dzuwa likupendeka, tikubwerera kuchokera kumadzulo. Ndinkawauza mayi za iwe Linesi, kuti wayamba kosi, ndiye ndinaona kuti sakuyankha. Nditacheuka, mutu wawo unali utagwera pachifuwa, galimoto ikulowera mbali ya malole. Sindikudziwa amene anauza dzanja langa chochita. Ndinagwira chiwongolero n'kukokera kumanja, galimoto inasiya msewu, inadumphadumpha pamiyala mpaka kukatitimira mumchenga, pafupi ndi waya wotchingira ngamila. Mayi anatsegula maso, nayang'ana uku ndi uku. Anati angosinza. Atamwa madzi anandigwira dzanja mwamphamvu. "Usamuuze Jasimu. Akamva, halasi, makiyi apita." Halasi ndiko kuti basi, zatha. Sindinalonjeze, koma iwo anayesa kuti ndavomera.

Patapita masiku khumi zinachitikanso, ulendo uno titaima pamaloboti, kwa kamphindi kochepa, mpaka a m'mbuyo kuimba mahutala. Ndinasowa mtendere. Mayi amenewa sanali bwana chabe kwa ine. Tinkadyera mbale imodzi m'chipululu, ankadziwa maina anu, ndipo mitambo ndiyo inali moyo wawo chimwalirireni amuna awo. Ndinawafotokozera a Mbewe titatuluka m'tchalitchi. Sanaseke tsiku limenelo. Anati, "Achemwali, siponsa wanu, wosainira mapepala anu, ndi mwana, koma amene mumakhala naye ndi mayi. Mukanena, mayi akhoza kukukanani, kontirakiti n'kuthera pomwepo, ana kumudzi sukulu isanathe. Mukabisa, tsiku lina tidzakuperekezani ku eyapoti muli m'bokosi. Komanso ine ndine dalaivala, ndikuuzeni, munthu wokomoka pachiwongolero safa yekha. Sindikusankhirani." Ndinati, "Achimwene, mwasankha kale."

Sindinafune kuchita zam'seri. Lachinayi ndinalowa kuchipinda kwa mayi n'kunena, "Madamu, mawa a Jasimu akubwera kudzadya. Mukapanda kuwauza inu, ndiwauza ine." Anandiyang'ana ngati sakundidziwa, nati sindingayerekeze. Mawa lake sindinapite ku ofu. Chakudya chinatha, zipatso zinabwera, mayi akungokamba za zidzukulu. Nditabweretsa khofi ndinaima pakhomo, ndipo ndinanena zonse, za waya wa ngamila ndi za pamaloboti. A Jasimu nkhope inasintha. Sanakalipe, anangotambasula dzanja, mayi awo n'kuikamo makiyi. Potuluka mayi anaima pafupi nane n'kunena motsitsa, "Ndinkayesa ndiwe mnzanga."

Kuchipatala anapeza kuti mtima wawo unkaima kaye nthawi zina. Anawaika kachipangizo pachifuwa, ndipo dokotala anati za chiwongolero aiwale. Sanandichotse ntchito, koma mwina kundichotsa kukanapepuka. Miyezi inadutsa mayi akungondilankhula mawu a ntchito: tiyi, chitseko, mankhwala. A Jasimu anabweretsa dalaivala wamwamuna. Mayi anapita naye kamodzi, iye n'kukana kusiya tala poopa kuononga matayala, ndipo atabwerako mayi anatsekera makamera m'kabati. Wasimi wa chaka chimenecho mabingu anagunda pamwamba pa Al Thumama penipeni, iwo atatseka makatani, akuonera TV mokweza. Ine ndinali kukhitchini, mtima ukuwawa ngati ndine ndinawadula miyendo.

Tsiku lina a Jasimu akukwera galimoto ndinawatsatira. "Bwana, ndikufuna kuphunzira kuyendetsa." Anandifunsa zaka zanga, ndinati makumi asanu chaka chamawa. Anandifunsa ngati ndinayendetsapo chilichonse, ndinati njinga, komanso ngolo ya malume anga. Anaseka, kenaka anasiya kuseka, nayang'ana pawindo la mayi awo lotseka lija. Iwo ndiwo anakonza mapepala onse ndi sukulu. Ndinkapita m'mawa, mayi osafunsa kumene ndikupita. Mayeso oyamba ndinagwetsa zitsulo zonse poimika cham'mbuyo. Achiwiri ndinazungulira raundabauti kawiri posowa potulukira, woyesa uja atagwira kumutu. A Mbewe ankandiyalira zitsekerero za mabotolo patebulo n'kumati, "Iyi ndi inu, iyi ndi lole, ndiye mupanga bwanji? Osapanika, achemwali, indiketani kaye." Kachitatu ndinakhoza.

Chaka chachisanu ndi chitatu, mwezi wa Epulo

Laisensi ndinaisunga m'Baibulo milungu isanu, kudikira mtambo. Tsiku lake linafika. Kunacha kuli chinyezi chomata pakhungu, ndipo pofika masana kumpoto kunayamba kutukumuka. Ndinapereka tiyi monga mwa masiku onse, n'kuika kakhadi ka laisensi kaja pambali pa kapu. "Madamu, mphuno ikuti kumpoto." Anatola kakhadiko, navala magalasi, nakayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. "Chithunzi choipa," anatero. "Amene anakujambula sadziwa kuwala." Kenaka, osandiyang'ana, anafunsa, "Mabatire?" Ndinati ndinatchaja dzulo. Anadzuka mofulumira moti tiyi anatayikira pakapeti, ndipo aka kanali koyamba kuti ndisiye banga osapukuta.

Njira yonse ankandilalatira. Akuti ndikuyendetsa ngati ndanyamula mazira, ndachedwa kupitirira lole, mtambo sudikira nkhalamba ziwiri. Ine chiwongolero ndachigwira ngati khasu, thukuta lili kamukamu, koma mumtima ndikuimba, chifukwa kulalata kumeneko ndinali nditakusowa chaka chathunthu. Nditasiya tala n'kumva timiyala tikulira kunsi kwa matayala, anatsitsa windo n'kutulutsa dzanja kunja ngati mwana.

Mtambo wa tsiku limenelo sindinauonenso wina wofanana nawo. Kutsogolo kwake kunali kopindika ngati mlomo wa lichero lovundikira, kuyambira mbali ina ya dziko mpaka inzake, kunsi kuli kobiriwira modera. Unkayenda pang'onopang'ono, ukukoka chinsalu cha mvula m'mbuyo. Ngamila zisanu ndi imodzi zinaima pamzere patsogolo pathu, zonse zitafulatira mphepo. Tinaimika masitandi awiri moyandikana. Mphenzi zinkatsika ziwiriziwiri, mabingu akugudubuzika pamtetete popanda phiri lowabweza. Mayi ankafuula mawu otamanda Mulungu mwa Chiarabu, ine mwa Chichewa, tonse tikudina. Mphepo itazizira ndine ndinayamba kukuwa kuti "Galimoto!", ndipo iwo anamvera.

Matalala anatipeza tili m'kati, akulu ngati nthudza, akumenya denga moti sitinkamvana. Tinangokhala, tikuseka popanda chifukwa. Phokoso litachepa mayi anapukuta magalasi awo ndi nsonga ya mpango n'kunena, maso ali kutsogolo, "Dokotala anati chikhala kuti ndinachedwa mwezi wina, bwenzi kulibe ine." Ndinati ndinamva. Iwo anapitiriza, "Tsiku lomwe lija ndinadziwa kuti wachita bwino. N'chifukwa chake ndinakwiya kwambiri." Ndinati, "Ndinkadziwa, madamu." Anati, "Usamandiyankhe ngati ukudziwa zonse, tsegula fulasiki." Titatuluka, chipululu chonse chinali chitasanduka galasi, madzi ofika m'kakolo kulikonse kumene maso angafike, utawaleza uli kumwamba, wina uli pansi pamadzi. Tinavula nsapato, amayi awiri akuluakulu, n'kumayenda m'madzi ozizira aja titagwirana manja kuti tisaterereke.

Chaka chakhumi ndi chiwiri, ndi kubwerera kwathu

Ndinawayendetsa zaka zina zinayi. Maso awo anayamba kuchita nkhungu, manja kunjenjemera, moti chakumapeto ankangokhala pampando wopinda pafupi ndi galimoto, ine n'kumawauza mmene mtambo ukuonekera, iwo n'kumandiuza pamene ndiloze kamera. Mawondo anga nawonso anayamba kukana, ndipo iwe Linesi unali woyembekezera. Nditapempha kuti ndizipita, sananditsekereze. Mdzukulu wawo wamkazi anali atatenga laisensi, ndipo nyengo yomaliza ndinakhala kumpando wakumbuyo n'kumamuonetsa njira za m'chipululu. Tsiku lonyamuka mayi anakana kutsika kudzanditsazika, akuti masitepe achuluka. Ndinakwera ndine. Anandigwira nkhope ndi manja onse awiri, kenaka anandikankha n'kunena, "Yala."

Disembala woyamba ndili kuno, masana ena mvula yeniyeni ya kwathu inabwera kuchokera ku Zambia. Ndinawaimbira pa vidiyo. Mdzukulu uja ndiye anayankha n'kuwagwirira foni. Ndinaloza pakhomo kuti aone mtambo, koma anati sakuona kanthu, n'zoyera zokhazokha. Nthawi yomweyo chimvula chinafika padenga.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa.

"Ndi mvula, madamu, ikumenya malata."

"Imalira chonchi? Masiku onse?"

"Miyezi inayi, madamu. Nthawi zina mpaka timatopa nayo."

"Anthu osayamika," anatero. Ndinayamba kuwafunsa za mankhwala ndi za a Jasimu, koma anandidula. "Khala chete, Falista. Kweza foni m'mwamba. Usazime."

Ndinakwera pampando n'kuitukula pafupi ndi malata. Pagalasi ndinkawaona atatseka maso, mutu atautsamiritsa, milomo ikumwetulira. Dzanja litatopa ndinasinthira linzake. Yamikani, iwe unalowa n'kundipeza ndili pampando paja, ukudabwa kuti amayi ako apenga, ndipo ndinakukodola kuti usalankhule. Ndinaima pamenepo mpaka batire linatha, mvula isanakate.